Tikufuna kugula ndege anthu 6: tigawane bwanji kuti tisadzadane?

Funso: Ndimakhala ku Manchester, ndipo chaka chatha ndinatenga laisensi ya PPL yoyendetsera ndege zing'onozing'ono. Kubwereka ndege kusukulu komwe ndinaphunzira kukundidyera ndalama, komanso Loweruka siipezeka. Tilipo anthu 6, atatu mwa ife ndife Amalawi, ndipo tapeza Piper Warrior II ya 1979 yomwe mwini wake akufuna £54,000. Injini yake yauluka maola 1,650 chiiphwasulireni komaliza zaka 14 zapitazo. Maganizo athu ndi oti aliyense apereke £9,000, kenako tizisonkha ndalama yofanana mwezi uliwonse, aliyense n'kumauluka momwe wafunira. Mnzathu wina akuti tizinyamulako anthu olipira kuti ndalama zizibwerera. Kodi tikuganiza bwino?

Yankho: Achimwene, kugula ndege pagulu si maloto ayi. Kuno ku Britain ndi njira yomwe anthu olandira malipiro wamba amaulukira, ndipo mukayenda m'mabwalo ang'onoang'ono mupeza kuti ndege zambiri zimene zaimikidwa pa kapinga zili ndi eni ake anayi, asanu ndi atatu, mwinanso khumi ndi awiri. Ine ndakhala msungichuma wa gulu lotere kwa zaka zingapo, ndipo magulu amene ndawaona akutha sanathe chifukwa cha ngozi. Anatha chifukwa cha nkhani ya ndalama yomwe anthu anachita nayo manyazi kuikambirana pachiyambi, nthawi yomwe ankamwera limodzi tiyi akusekererana.

Ndiyambe ndi chokukanizani. Mnzanu amene akuti muzinyamula anthu olipira mumuuze kuti nkhaniyo ithere pomwepo. Laisensi ya PPL siilola munthu kuuluka kuti apeze phindu, ndipo inshuwalansi ya ndege ya gulu siilipira ngozi yochitika pa ulendo wa bizinesi. Chomwe lamulo limalola ndi kugawana mtengo weniweni wa ulendowo, monga mafuta ndi ndalama yoterera pabwalo, pakati pa amene ali m'ndegemo, woyendetsayo naye akuperekapo yake. Ngati mnzanuyo amakonda mpira, mumukumbutse za Emiliano Sala, yemwe timu ya Cardiff City inali itangomugula ku Nantes. Pa 21 Januwale 2019 ndege ya Piper Malibu yomwe anakwera inagwera m'nyanja ya English Channel, chakumpoto kwa chilumba cha Guernsey. Woyendetsa wake analibe chiphaso chonyamulira anthu olipira, ngakhalenso choulukira usiku. Mu 2021 khoti la ku Cardiff linalamula kuti munthu amene anakonza ulendowo akakhale kundende miyezi 18. Chichitikireni zimenezo bungwe la CAA, lomwe limayang'anira za ndege kuno, nkhani zotere silizisekerera. Ndege yanu idzakhala yodya ndalama basi, ngati bwato la munthu wosapha nsomba. Amene sakugwirizana ndi zimenezi atuluke pano mudakali pa chibwenzi.

Tsopano ndegeyo. Warrior ndi yabwino kwa gulu la anthu amene angophunzira kumene: ndi yofatsa, siivuta kuteretsa, zipangizo zake zimapezeka, ndipo injiniya aliyense wa pabwalo laling'ono anaigwirapo. Chaka cha 1979 chisakuopseni, ndege siikalamba ngati minibasi. Chimene chandiimitsa mutu ndi manambala awiri amene mwawatchula mongodutsa, 1,650 ndi 14.

Injini ya ndege imeneyo ndi Lycoming O-320, yamphamvu ya mahatchi 160. Kampani yoipanga imati iziphwasulidwa yonse ndi kukonzedwanso ikakwana maola 2,000 kapena zaka 12, chilichonse chimene chayambirira. Yanuyo zaka inadutsa kale, ndipo maola atsala 350. Malamulo amalola ndege yosachita malonda kupitirira malirewo malinga ngati injini ikuyesedwa n'kupezeka kuti ili bwino, ndipo zilipo zambiri zomwe zimapitiriradi bwinobwino. Koma chilolezo si chitsimikizo. Tsiku limene injiniya adzang'ambe fyuluta ya oyilo n'kupezamo tinyenyeswa ta zitsulo, ndege yaima tsiku lomwelo, ndipo siidzadzuka mpaka ndalama itapezeka.

Tiwerengere limodzi. Nditenge £30,000 ngati chitsanzo cha mtengo wophwasula injini, kuichotsa ndi kuibwezeretsa. Inu mufunse mtengo weniweni kwa okonza awiri kapena atatu musanasaine chilichonse. Ndalama imeneyi mukaigawa ndi maola 2,000, ola lililonse limadya £15 ya injini. Ndiye kuti mwini wakeyo wadya kale £24,750, ndipo chomwe akukusiyirani ndi £5,250 yokha. Ngati nonse pamodzi muziuluka maola 150 pachaka, maola 350 aja atha pa zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Mutamasunga £15 pa ola, pofika nthawiyo muthumba mudzakhala muli £5,250 yomweyo, ndipo aliyense adzafunika kusolola £4,125 mwadzidzidzi. Pa anthu 6, mmodzi adzakhala atangogula nyumba, wina mkazi wake atangochira, wina atangotumiza ndalama ya maliro kumudzi. Pamenepo ndi pomwe magulu amafera: ndege ili mu hangar, nyumba yosungiramo ndege, yopanda injini, lendi ndi inshuwalansi zikuwerengabe mwezi ndi mwezi, pagulu la WhatsApp pali zii.

Choncho sheya yanu si £9,000. Ndi £9,000 kuphatikizapo ngongole ya injini imene mukuilowa osaiona. Njira zilipo: mwini wake atsitse mtengo molingana ndi maola amene wadya, kapena aliyense aikiretu ndalama ina muthumba la injini tsiku logula lomwelo, kapena mukweze mtengo wa pa ola kufika pafupifupi £86 ya injini yokha, zomwe palibe angapirire. Ine ndikanasakaniza ziwiri zoyambazo. Thumba la injini likhale mu akaunti yakeyake ku banki, yofuna anthu awiri kusaina, ndipo mulembe kuti ndalama imeneyo ndi ya ndege, si ya munthu. Amene akutuluka m'gulu saitenga. Imangokweza mtengo wa sheya yake pogulitsa. Si banki m'khonde yoti pakutha pa chaka mugawane, ndipo siyobwereketsa kwa membala ngakhale atabwera akulira.

Pali chinanso chomwe manambala anuwo akundiuza. Maola 1,650 pa zaka 14 si oipa ngati anagawika bwino, koma funsani kuti zaka zitatu zapitazi yauluka maola angati. Injini za Lycoming zili ndi camshaft, chitsulo chotsegula ndi kutseka mavavu, pamwamba, ndiye ndege ikakhalitsa osauluka oyilo amatsika yense, chinyezi cha kuno n'kuyamba kudya chitsulo. Kampaniyo imalangiza kuti injini iziuluka pafupifupi ola lathunthu mwezi uliwonse, oyilo atenthe mokwanira kuti madzi a mkatimo aphwe, ndipo kungoiliza pansi kwa mphindi khumi sikuthandiza, kumangoonjezera chinyontho. Ndege imene mwini wake anadwala kapena kutopa nayo n'kuisiya zaka ziwiri pa kapinga imaoneka yokongola kunja, mkati dzimbiri lili pantchito. Apa ndi pomwe gulu limaposa munthu mmodzi: ndege ya anthu 6 siikhala.

Pa kasonkhedwe, maganizo anu oti aliyense azipereka yofanana n'kumauluka momwe wafunira ndi okoma kumva, koma sangathe chaka. Amene amagwira ntchito usiku n'kumapezeka masana a Lachiwiri adzauluka maola 50, amene ali ndi ana aang'ono adzauluka 8, ndipo wachiwiriyu adzayamba kuwerengera mumtima kuti akugulira mnzake mafuta. Ndalama za ndege zili mitundu iwiri, ndipo muzilekanitse. Pali zimene zimatuluka ngakhale ndege isanagwedezeke: inshuwalansi, lendi ya poimika kapena ya hangar, kuyendera kwa pachaka ndi satifiketi ya ARC yotsimikiza kuti ndege ikuyenera kuuluka, laisensi ya wailesi ya ku Ofcom, bungwe loyang'anira mawailesi kuno. Zimenezi mugawane mofanana, chifukwa ndi mtengo wokhala mwini ndege. Ndiye pali zimene zimatuluka propela ikazungulira: mafuta, oyilo, matayala, mabuleki, sevisi ya pa maola 50, ndi thumba la injini lija. Izi alipire amene wauluka, pa ola.

Nditengenso manambala ongoyerekezera. Tinene kuti zokhazikika zonse ndi £10,800 pachaka; pa anthu 6 ndi £150 pamwezi aliyense. Warrior imamwa malita 30 mpaka 35 pa ola. Titenge malita 32 pa £2, ndi £64. Kuonjezera £15 ya injini ndi £11 ya zokutha zina, ola likukwana £90. Wouluka maola 50 pachaka alipira £6,300, kutanthauza £126 pa ola. Wa maola 25 alipira £4,050, kapena £162 pa ola. Wa maola 8 alipira £2,520, ola limodzi £315. Aliyense wa inu atenge mtengo umene sukulu imamulipiritsa, auike pambali pa manambala ake, ndipo adzifunse moona mtima maola amene anauluka chitengereni laisensi, osati amene amalakalaka. Munthu wa maola 8 amapindula pobwereka. Mukamukakamiza kulowa chifukwa choti mukufuna akwane 6, ndiye woyamba kudzasiya kulipira.

Kanthu kakang'ono koma kokanganitsa: ola mudzaliyeza ndi chiyani? Mita ya Hobbs imawerenga ngati wotchi injini ikangolira, pomwe ya tacho imawerenga molingana ndi kuzungulira kwa injini, motero pansi imayenda pang'onopang'ono. Mukamalipiritsa ndi Hobbs, munthu amathamangira kunyamuka injini isanatenthe, macheki akuwadumpha, chifukwa mphindi iliyonse akuiona ngati paundi. Ine ndimakonda tacho pa chifukwa chimenechi. Mtengo wa pa ola uphatikize mafuta, ndipo amene wathira kubwalo lina abweretse lisiti, abwezeredwe pa mtengo wa kubwalo lanu, osati wa kumene anakathirako. Ndalama ya pamwezi izichoka yokha ku banki. Musalole zoti "ndikupatsani Lachisanu". Ife Amalawi kulonjerera mnzathu ngongole kumatilemera pakamwa, makamaka ngati timapemphera naye limodzi kapena akazi athu amayenderana, ndipo mungadzapeze kuti miyezi isanu yadutsa msungichuma akungomeza malovu. Mulembe kuti wobwerera m'mbuyo miyezi iwiri sabukitsa ndege mpaka atamaliza. Likakhala lamulo la papepala, palibe amene wachitira mnzake nkhanza.

Inshuwalansi yoteteza anthu ena ndi okwera ndi yokakamiza mwalamulo, koma ya ndege yeniyeniyo ndi yosankha, ndipo musayerekeze kuisiya. Kampani ya inshuwalansi idzafuna mayina a oyendetsa onse ndi maola awo, ndipo poti ena mwa inu ndi atsopano, mtengo udzatsatira amene ali ndi maola ochepa. Funsani zimenezi musanagule, chifukwa nthawi zina amafuna kuti watsopano ayambe wauluka maola angapo ndi mphunzitsi pa ndege yomweyo. Pakachitika ngozi pamakhala ndalama yoyambirira imene inshuwalansi siilipira, ndipo mgwirizano wanu unene kuti imeneyo alipira amene anali woyendetsa tsiku limenelo. Ngozi yofala m'magulu si kugwa kuchokera kumwamba, ndi propela kukhudza pansi, tayala lakutsogolo litalowa m'dzenje pa kapinga wonyowa kapena munthu atatera ndi mphuno. Propela ikagunda chinthu, injini ya Lycoming imayenera kutsegulidwa kuti aone ngati mkati simunang'aluke, ngakhale ikulira bwino chotani. Inshuwalansi imalipira kutsegulako ndi zimene ngoziyo yawononga, koma zimene adzapeze kuti zinatha ndi ukalamba ndi zanu. Pa injini ya maola 1,650, kutsegula kotere kawirikawiri kumathera pa kuphwasula yonse. Mwaonatu kuti tabwereranso ku thumba lija.

M'gulu lathu zinachitikapo. Membala wina anatera moipa Lamulungu madzulo, ndege inadumpha kawiri n'kugunditsa tayala lakutsogolo. Anaona kuti palibe chathyoka, anaikankhira mu hangar, m'buku sanalembemo kanthu. Anthu atatu anaulukanso nayo, mmodzi atanyamula mwana wake. Pa sevisi yotsatira injiniya anapeza kuti chitsulo chogwira injini, chomwenso pa ndege zamtunduwu chimagwira mwendo wakutsogolo, chapindika. Ndalama tinalipira, sinali nkhani. Chimene chinatipweteka ndi milungu itatu imene tinakhala tikuyang'anizana, aliyense akuganizira mnzake, mpaka wolakwayo anaulula yekha. Kuchokera pamenepo tinalemba malamulo awiri. Membala aliyense ali ndi mphamvu yoimitsa ndege akaona kapena kumva chachilendo, popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense, koma woimasula ndi injiniya yekha. Ndipo wonena yekha kuti walakwitsa salipira choposa ndalama yoyambirira ija, pomwe wobisa akagwidwa amatuluka m'gulu. Munthu amabisa chifukwa cha mantha a ndalama ndi manyazi, ndiye muchepetse mtengo wa kunena zoona. Zonse zizilembedwa m'buku lokhala m'ndegemo, osati kungouzana pakamwa. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Lamulo la dziko limati kuti munyamule munthu muyenera kukhala mutanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo. Kwa anthu atsopano ngati inu amenewo ndi masiku ambiri. Magulu ambiri amaika malire awoawo ofupikirapo, ndipo ine ndingati amene watha milungu 6 osauluka ayambe wazungulira bwalo ndi mphunzitsi. Nyengo yozizira ya kuno, kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, imatha kukutsekerezani pansi miyezi iwiri, ndipo tsiku loyamba lowala bwino mu Malichi ndi limene aliyense amathamangira kubwalo manja atachita dzimbiri.

Za kubukitsa sizifuna nzeru zambiri. Kalendala ya pa intaneti yoti aliyense aziiona, munthu asakhale ndi masiku opitirira awiri kapena atatu osungitsiratu, ndipo wofuna kupita nayo kutali kwa masiku angapo, kaya ku Isle of Man kaya kuwoloka kupita ku Le Touquet ku France, auziretu anzake ndipo alipire maola ochepa ogwirizana tsiku lililonse ngakhale ndege itangokhala. Mudzadabwa kuti mkati mwa sabata siilimbiranidwa n'komwe; nkhondo yonse ndi ya Loweruka la dzuwa mu Juni ndi Julayi. Ndikuchenjezeninso za mipando. Warrior ili ndi mipando inayi koma si ndege ya akuluakulu anayi. Ya chaka chimenecho siiyenera kupitirira makilogalamu pafupifupi 1,055 ponyamuka, ndipo mukadzaza matanki onse, malita pafupifupi 180, anthu ndi katundu amatsalirwa makilogalamu cha m'ma 250. Amuna atatu odya nsima mokwanira akwana kale pamenepo. N'chifukwa chake m'matanki muli kachitsulo kosonyeza pothirira mafuta osadzaza. Gwirizanani kuti wobwera amasiya mafuta pa kachitsuloko, chifukwa kuonjezera n'kosavuta koma kupopa otsala ndi chintchito.

Nanga ndegeyo ilembedwe m'dzina la ndani? Njira yofala kuno ndi yoti CAA ilembe munthu mmodzi ngati trustee, kapena kuti woimira gulu, mayina a enawo n'kuperekedwa pambali. Mukafufuza pa G-INFO, kaundula wa ndege za ku Britain yemwe aliyense angathe kumuona pa intaneti, mupeza zambiri zolembedwa motero. Kwa zaka zambiri lamulo linkati aliyense akhale ndi gawo losachepera 5 peresenti, n'chifukwa chake magulu akale ambiri amalekezera pa anthu 20. Njira ina ndi kutsegula kampani kuti ndege ikhale ya kampaniyo, inu n'kukhala ndi masheya. Kusiyana kwake kuli pa mlandu. Lamulo la Civil Aviation Act la 1982 limati ndege ikawononga munthu kapena katundu pansi, mwini ndege ndiye alipira, popanda kufunsa ngati analakwa. Pa gulu lopanda kampani, mwini ndege ndinu nonse, kuphatikizapo amene anali kuntchito tsiku limenelo. Kampani imaika mpanda pakati pa mlandu wotere ndi nyumba yanu, ngakhale siiteteza woyendetsa amene walakwitsa, koma imabwera ndi ntchito yake: malipoti a chaka ndi chaka ku Companies House, ofesi ya boma yolembetsa makampani, ndi munthu woti azikumbukira masiku ake. Magulu ambiri ang'onoang'ono amasankha trustee n'kugula inshuwalansi yokwera kuposa imene lamulo limafuna. Kwa anthu 6 odziwana ine ndingatero, koma ola limodzi ndi loya wodziwa za ndege ndi lotchipa poyerekeza ndi zimene mukuikamo.

Maudindo ndi atatu basi: msungichuma, woyang'anira za kukonza amene yekha ndiye amalankhula ndi injiniya, ndi mlembi. Kuyambira mu 2020 ndege zing'onozing'ono ngati Warrior zili pansi pa malamulo a Part-ML, omwe amaika udindo woonetsetsa kuti ndege ili bwino pa mwini wake, pokhapokha atalemba ganyu kampani yovomerezeka kuti iziyang'anira. Poti nonse ndinu atsopano pa umwini wa ndege, lembani kampaniyo. Woyang'anira za kukonza apatsidwe malire a ndalama imene angavomereze yekha, zoposa pamenepo zipite ku voti. Ndipo musiyanitse zokakamizidwa ndi zokhumba. Cha m'ma 2018 ndi 2019 eni ndege kuno anakakamizika kugula mawailesi atsopano a 8.33 kHz, chinthu chotere sichifuna voti, aliyense amapereka. Koma wina akafuna penti yatsopano kapena sikirini yamakono pa dashibodi, pafunike anthu asanu mwa 6. Popeza 6 imagawika pakati, nenanitu kuti mukafanana atatu atatu, chinthucho sichichitika.

Gawo limene ndikufuna mulilembe mosamala kuposa onse ndi la potuluka. Pa anthu 6, m'zaka zitatu mmodzi adzachoka ndithu. Kwa ife obwera zifukwa zake n'zochuluka kuposa za eni dziko: visa yatha, ntchito yapezeka ku Scotland, mayi adwala ku Ntcheu ndipo munthu waganiza zobwerera. Mgwirizano unene kuti wotuluka amayamba wapatsa anzake mwayi wogula sheya yake, akakana amagulitsa kunja, koma wogulayo ayenera kuvomerezedwa ndi gulu ndiponso ndi a inshuwalansi, ndipo auluke kaye ndi mphunzitsi amene gulu lasankha. Unenenso kuti mpaka sheya itagulidwa, £150 ija akulipirabe, ngakhale ali ku Lilongwe. Apa pamawawa, koma mukapanda kutero otsalawo mtengo umawakwerera, wachiwiri naye n'kufuna kuthawa. Kuti gulu lisamuzunze pokana aliyense amene wabweretsa, ikani kuti likakana ogula awiri oyenera, ligule lokha sheyayo pa mtengo umene munthu wapadera wayerekeza. Ndipo lembani za imfa, ngakhale pakamwa pakulemera: sheya ipita kwa ndani, banja lipatsidwa miyezi ingati lisanayambe kulipira za pamwezi, ndani adzaligulitsire. Mkazi wamasiye asadzalandire kalata ya ngongole ya hangar mwezi wa maliro chifukwa choti amuna asanu anasowa chonena.

Musaiwale malo. Musanagule ndege pezani poiika, ndipo mufunse kuti bwalolo lili ndi tsogolo lotani. Mabwalo ang'onoang'ono kuno akulimbiranidwa ndi omanga nyumba. La Panshanger ku Hertfordshire linatsekedwa mu 2014, ndege zonse n'kusakasaka kolowera. Bwalo lotchipa lomwe lili maola awiri kuchokera kwanu lidzakudyerani chilakolako chonse chouluka. Bwalo la kapinga limatsekedwa mvula ikachuluka, la phula limadula. Hangar imadula kuposa panja, koma panja pa ku Manchester ndi mvula yake ija, zimene mwapulumutsa pa lendi mudzazipereka kwa dzimbiri ndi mawailesi onyowa.

Ndikanakhala inu, ndikanaganizirakonso zoyamba ndagula sheya m'gulu lomwe lilipo kale, kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Zotsatsa zake zimamatidwa pa bolodi m'nyumba ya kalabu pafupifupi pabwalo lililonse. Mumaphunzira kayendetsedwe ndi ndalama yochepa, ndipo funso loyamba kuwafunsa mukulidziwa tsopano: injini ili ndi maola angati, muthumba muli zingati? Palinso ndege zouluka ndi chiphaso chapadera cha Permit to Fly, zoyang'aniridwa ndi bungwe la Light Aircraft Association la ku Turweston, monga Jodel kapena Europa, zomwe eni ake amaloledwa kukonza okha moyang'aniridwa ndi insipekitala. Ndi zotchipa kusamala, koma zambiri n'za mipando iwiri, ndipo zimafuna kuti m'gulumo mukhale munthu wokonda sipanala.

Ngati mtima uli pa Warrior yomweyo, lembani mgwirizano kaye, onse 6 asaine, kenako mupite kukaiona ndi injiniya wanu, osati amene wakhala akuikonza zaka zonsezi. Mumulipire tsiku lathunthu. Awerenge mabuku onse atatu, la ndege, la injini ndi la propela, kuyambira tsamba loyamba, ndipo pakasowa zaka zina afunse chifukwa. Ayeze mphamvu ya masilinda, ang'ambe fyuluta ya oyilo, asuzumire mkati ndi kamera, ndipo ngati mwini wake alola achotse silinda imodzi kuti camshaft ioneke ndi maso. Ayang'ane dzimbiri pansi pa mipando yakumbuyo, pozungulira batire ndi m'mapiko. Mumufunse mwachindunji za chitsulo chachikulu chogwira phiko: pa 4 Epulo 2018 ku Daytona Beach ku Florida phiko la Piper Arrow yophunzitsira linathothoka ili m'mwamba, anthu awiri n'kufa, ndipo kuchokera apo bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, linalamula kuti mitundu ina ya Piper PA-28 (Warrior nayo ndi PA-28) ndi PA-32 imene yagwira ntchito kwambiri iziyesedwa ndi makina pamabowo a mabawuti a phikolo. Injiniya akuuzeni ngati lamulolo likukhudza ndege yanu, ndipo ngati inakhalapo ya sukulu, ndalama yoyezera musaiumire ngakhale lisakukhudzeni. Fufuzaninso ku kaundula wa CAA wa ndege zimene zili pa chikole, ndi ku ofesi ya bwalo ngati mwini wake alibe ngongole ya lendi, chifukwa ndege ikhoza kugwidwa pa ngongole imene simunaidye. Lipoti la injiniya likabwera, tengani mtengo weniweni wophwasula injini, muugawe ndi 2,000, muchulukitse ndi 1,650, ndipo nambala imeneyo muiike patebulo pamaso pa wogulitsayo musanatchule £54,000.